Mkazi wa M'pikiapu Yogwada

1

Dzina langa ndine Esteri, ndipo ndine mkazi wansanje. Ndayambira pamenepa kuti musadzati ndinakubisirani kanthu, chifukwa zobisabisa ndizo zinatsala pang'ono kundipasulira banja.

Zimene ndikusimbazi zinachitika ku Mulanje m'zaka za chipani chimodzi, nthawi imene munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi. Amuna anga, a Wyson, anali makaniko pa garaja ya esiteti ina ya tiyi. Tinkakhala m'nyumba za kampani, kumalayini, kumene ukatsokomola a nyumba yachitatu amakufunsa ngati wamwa mankhwala. Kwathu kwenikweni ndi kufupi ndi Milonde. Mwa mwambo wathu a Wyson akanakhala kumeneko pachikamwini, koma ntchito inatichotsako, amayi anga n'kutsala ndi mng'ono wawo, mayi aang'ono a Joice.

Ndinali nditapita padera kawiri. Alongo awo a Wyson anali atayamba kale kuyankhula mokweza akabwera kudzacheza.

"Achimwene, munda ukakana chimanga munthu amatsegula wina," ankatero, maso ali pa ine.

Ndiye nditaima kachitatu, ndinadziwa kuti ukwati wanga wagona pa mimba imeneyi. Anamwino anandiletsa kukwera malole ndi kuyenda mitunda. Ndinakhala pakhomo ngati nkhuku yofungatira, ndipo munthu wongokhala amaona zambiri, zina zoti kulibe.

A Wyson anali ndi pikiapu yakale ya Pijo imene anaigula yakufa kwa mzungu wina wopuma ntchito, iwo n'kuidzutsa. Loweruka lina anapita nayo ku Milonde kukasiya sopo ndi mchere kwa amayi. Anabwera mochedwa, nkhope ili gwa.

"Amayi ali bwanji?" ndinafunsa.

"Alipo. Akuti musavutike n'kubwera, msewu waonongeka."

Loweruka lotsatira anapitanso, ndipo atabwera chakudya anangochigwiragwira. Mawa lake titachoka kutchalitchi anavula jekete, anaikweza pikiapu ija pa njerwa, n'kuchotsa matayala onse akumbuyo.

2

"Mukuichita chiyani galimoto yabwinobwino?"

"Ndikufuna igwade kumbuyoku."

"Igwadire ndani?"

"Yatalika basi," anatero ali pansi pake.

Kwathu kuno galimoto amaikweza, chifukwa madzi otsika m'phiri amakumba misewu chaka ndi chaka. A Wyson okha ndiwo ankaitsitsa. Anzawo a pagaraja ankabwera kudzaonerera, akuseka, n'kumati makaniko wapenga ndi utsi wa dizilo.

Ine za magalimoto sindinaphunzire, koma miyezi imeneyo ndinazimva mpaka kuzilota. Kumbuyo kwa pikiapu kumakhala chitsulo chonenepa cholumikiza matayala awiri, amati ekiselo, ndipo thupi la galimoto limakhala pamwamba pake, pa masipuling'i a zitsulo zosanjikizana. Poyamba a Wyson anangotembenuza zinthu, ekiselo n'kukwera pamwamba pa masipuling'i. Galimoto inatsikadi, koma ikangoponda mwala ekiselo inkamenya chasisi, chimango chachitsulo cha pansi pa galimoto, ngati munthu akusula khasu.

Anali ndi kayesedwe kawo. Ankadzaza ndowa yanga yochapira ndi madzi, n'kuiika kumbuyo, n'kuyenda nayo msewu wa ku Likhubula. Pobwera ankasuzumira m'ndowamo ngati sing'anga. Ulendo woyambawo madzi anabwera theka, ndipo a Wyson anaimenya galimoto ndi chipewa.

Atatero anachotseratu masipuling'i aja, n'kubwera ndi ena opiringizika amene anawazula ku galimoto yakufa ya bwana wa esiteti. Apa m'pamene khonde langa linasanduka sukulu. Anadula nsungwi, anapinda mawaya, chitini cha mkaka chinakhala difu, chimutu cha pakati pa ekiselo, n'kumakweza ndi kutsitsa kachidole kawoko akuyankhula okha. Tsiku lina ndinakhala pafupi ndikusenda chinangwa, iwo n'kuyamba kundifotokozera, ngakhale ndinaona kuti akudziuza okha.

"Onani, Esteri. Sipuling'i yopiringizikayi imangonyamula, siigwira kanthu. Ndiye ekiselo ikufuna mikono. Iwiri itali pansi, iwiri ifupi pamwamba. Yapansi izikoka ndi kukankha, yapamwamba iziiletsa kugudubuka. Ndikalakwitsa utali wake, mphuno ya difu izidzawerama galimoto ikadumpha, shafiti n'kuyamba kulira."

"Nanga chopingasachi?"

"Ichi n'choiletsa kuthawira cham'mbali pakona. Chimafuna chikhale chachitali, chogona bwinobwino. Apo ayi thupi lizidzagwedezekera uku ndi uku, munthu wogona kumbuyo n'kumagubuduzika."

"Munthu wake uti?"

Anasiya nsungwi ija. Anandiyang'ana, kenako anayang'ana kuphiri.

"Munthu aliyense," anatero.

Madzulo ena ndinawaona pawindo. Anatulutsa mpando wathu wa patebulo, anauimika kumbuyo kwa pikiapu, n'kumayeza ndi ndodo kuti chitseko chakumbuyo chikatsegulidwa chifanane ndi mpandowo. Kenako anayang'ana uku ndi uku, anayenda chafutambuyo akukoka mwendo, anakhala pachitsekopo, n'kudzikhwekhwereza kulowa mkati. Anabwereza kangapo. Ine mtima unadumpha. Ndinati mwamuna uyu akuganiza za tsiku langa, kuti ndisadzavutike kukwera ndi chimimba. Ndinawaphera nkhuku tsiku limenelo, ndipo anadya osadziwa kuti akudyeranji.

3

Ntchitoyo inatenga nthawi. Anawotcherera mikono ija kugaraja akaweruka, anaiphwasula, anaifupikitsa, anaiwotchereranso. Anadula chasisi pamwamba pa ekiselo n'kupamanga ngati mlatho kuti isamagundenso. Mabushi, timphira tofewetsa polumikizira zitsulo, anasema ku thayala lakale la thirakitala. Manja awo anali mabala okhaokha, ndipo maso analowa mkati. Ankadzuka pakati pa chakudya kukagwada pansi pa galimoto chifukwa akumbukira kena kake.

Tsiku limene ndowa inabwera madzi ali m'khosi, anaseka koyamba m'miyezi yonseyo. Pikiapu inali itagwadadi, mphuno m'mwamba, matako pansi, ngati galu wopempha. Ana a kumalayini ankaithamangira akuimba.

Ndinamanga chitenje changa chabwino n'kutuluka.

"Tiyeni mundiyendetseko. Tikaone amayi ku Milonde, ndawasowa."

"Ayi."

"Si mwati siikugwedezanso?"

"Anamwino anakana."

"Anakana malole. Iyi mwaikonzera ine."

"Esteri, ndati ayi!"

Chikwatirirane anali asanandikalipirepo chotero. Ndinalowa m'nyumba n'kuvula chitenje chija. Nkhuku yanga ija inandiwawa kwambiri.

Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse ankalawirira, n'kubwera dzuwa litapendeka. Akafika ankatsuka kumbuyo kwa pikiapu ndi sopo. Ndinkadikira alowe m'bafa, ine n'kupita kukanunkhiza. Pansi pa fungo la sopo panali fungo la mafuta odzola, ndipo mafutawo sanali anga.

Tulo tinandithawa, njala inandithawa. Ndinkasesa pabwalo posesa kale. Ndikamva kulira kwa galimoto iliyonse ndinkathamangira kumsewu, kenako n'kuchita manyazi ndekha.

4

Woyandikana nafe anali Dyna, wothyola tiyi, mkazi amene nkhani ikamulowa m'khutu imamuyabwa mpaka aitaye. Anandipeza pampopi.

"Achemwali, ndinene kapena ndikhale chete?"

"Wayamba kale, maliza."

"Alamu anagula matiresi atsopano, a siponji. Amasunga kugaraja."

Ine ndi a Wyson tinkagona pa matiresi a thonje obaya nthiti. Ndinangoti, "Ndiye?"

"Ndiye Loweruka ndinali pa Boma. Ndinaiona yogwadayo ikudutsa pang'onopang'ono ngati yanyamula mazira. Kumbuyo kuli matiresi, pamatiresipo pali mkazi, atafunda chitenje kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Inakhotera kuchipatala."

Ndowa inasefukira ndili chiimire. Ndinayamba kulumikiza ndekha. Galimoto yotsika kuti munthu asavutike kukwera. Yosagwedeza. Matiresi. Chipatala. Owerenga, inunso mukanaganiza chiyani? Mkazi ameneyo anali ndi pakati, ndipo mimba yake inkayenda pa siponji pamene yanga inkatunga madzi.

Sindine munthu wosunga mawu m'mimba. A Wyson atangofika ndinawaimira pakhomo.

"Mumanyamula ndani Loweruka?"

Anakhala pansi n'kuyamba kumasula nsapato pang'onopang'ono.

"Wodwala."

"Dzina alibe?"

"Ndinalonjeza kuti sindinena."

"Munalonjeza kwa ndani, kuposa zimene munalonjeza kwa ine kutchalitchi?"

"Esteri, chonde. Tidikire muchire kaye. Mwana akabadwa mudzadziwa zonse."

"Nanga akapanda kubadwa?"

Anangogwira mutu ndi manja awo amabala aja. Kwa ine yankho linali lomwelo. Ankadikira aone ngati munda uno ubereke, ndipo ukakananso, wina unali wolimidwa kale.

"Mapanga awiri avumbwitsa, a Wyson," ndinatero. Anatuluka kukayang'ana mabawuti a galimoto yawo.

Ndinatuma uthenga kwa amayi kudzera mwa dalaivala wa lole ya tiyi, kuti auze ankhoswe abwere msanga, zinthu zavuta. Yankho linabwera kuchokera kwa mayi aang'ono a Joice: "Amako akuti khala pansi, mwamuna wako ndi munthu." Basi. Amayi anga ondibereka, osabwera, osafunsa n'komwe kuti chavuta n'chiyani. Ndinalira tsiku lonse, ndipo misozi itauma munatsala ukali wokhawokha.

5

Dyna anali ndi mlongo wake, Pilato, mmodzi wa anyamata a malaya ofiira amene ankamanga chingwe pamsewu wa kumsika n'kumafunsa makadi a chipani. Anabwera kudzadya kwa Dyna pakati pa sabata, ndipo ine ndinapezeka kumeneko ngati mwangozi.

"Mayi, galimoto ya amuna anu ija imatidabwitsa," anatero akutsuka m'manja. "Galimoto yopanda katundu siigwada chonchija. Timangoisiya poti ndi makaniko wa bwana, koma anzanga akuti pansi pake pali shuga wopita kutsidya."

Ndikanatha kumuuza kuti pansi pake pali mikono inayi ndi chitsulo chopingasa, poti ndinaziona zikubadwa pakhonde langa. Sindinatero.

"Za shuga sindikudziwa," ndinatero. "Koma mkazi amene amamubisa kumbuyoko mumufunse khadi. Ndamva kuti ndi wa kutsidya, wa ku Mozambiki."

Zimenezi sindinazimve kwa munthu aliyense. Mawuwo anangotuluka, ndipo Pilato anasiya kupukuta m'manja. Masiku amenewo mawu otere sankabwerera m'kamwa. Ine ndinkangofuna chinthu chimodzi, kuti chitenje chija chivundukulidwe pamaso pa anthu, ndimuone nkhope mkazi amene akundilanda nyumba.

Loweruka a Wyson atangonyamuka, ndinamanga mimba yanga ndi chitenje n'kukwera lole ya masamba a tiyi yopita cha ku Boma. Inandigwedeza njira yonse, ndipo mawu a anamwino ndinawakumbukira pa bampu iliyonse, koma sindinatsike.

6

Pachingwe panali anthu ambiri, amayi a madengu a nanazi, anyamata a njinga, onse makadi m'manja. Ndinaima kuseri kwa mtengo wa mango. Miyendo inkafuna kubwerera, mtima unkakana.

Yogwada ija inatulukira, ikuyenda mwaulemu. Pilato anakweza dzanja. A Wyson anatsika, anaonetsa khadi lawo, akumwetulira ngati munthu amene wazolowera kudutsa.

"Lero ayi, makaniko. Amene ali kumbuyoyo atsike."

"Ndi odwala, achimwene. Tikuthamangira kuchipatala."

"Odwala alibe khadi?"

Anyamata ena anali atagwada kale kusuzumira kunsi, akugogoda zitsulo ndi ndodo kufuna shuga. Anthu anayamba kuunjikana. Ine ndinatuluka kuseri kwa mtengo kuja.

"Muvundukuleni!" ndinakuwa. "Timuone mkazi wa pamatiresi!"

A Wyson anatembenuka. Atandiona, nkhope yawo inachita ngati aona mzukwa. Munthu wa m'chitenje uja, amene anali atayamba kusuntha, anangoti zii, n'kudzikokera nsalu kumaso.

Pilato anatsegula chitseko chakumbuyo.

"Mayi, tsikani. Khadi."

Chete.

"Ndati tsikani! Kapena Chichewa simumva?"

Chete.

"Iwe makaniko, mutsitse wekha mkazi wakoyu."

A Wyson anavula chipewa. Anapita m'mbali mwa msewu, anafulatira galimoto, n'kunjuta pansi, maso ali pa fumbi.

"Sindingawagwire," anatero.

Anthu anaseka. Pilato anayang'ana gulu lija, nayenso n'kuseka.

"Pamatiresi umamugwira, pano wachita manyazi?"

"Musatero, chonde! Musayankhule choncho, ndi akuluakulu!" A Wyson anatseka makutu ndi manja ngati awathira madzi otentha.

"Ukundiletsa kuyankhula ine?"

Pilato anawachotsa dzanja n'kuwamenya khofi pakhutu lamanzere. Linalira ngati thabwa. Wina anabwereza pomwepo ndi ndodo. A Wyson anagwa cham'mbali, anadzuka, n'kunjutanso chimodzimodzi, msana kugalimoto, magazi akutsika m'khosi. Sanatchule dzina. Sanacheuke.

Ndinali nditatsegula pakamwa kuti ndikuwenso, koma ndinawayang'anitsitsa a Wyson. Kanjutidwe kameneko ndinkakadziwa. Kwathu mkamwini sayang'ana apongozi ake aakazi kumaso, sakhala nawo pampando umodzi, sawakhudza ngakhale chala. Akakumana panjira, mkamwini amapatuka, amavula chipewa, n'kunjuta chofulatira mpaka adutse. Ndinawaona a Wyson akuchita zimenezi m'munda wa chinangwa tili pachitomero, ine n'kumawaseka. Padziko lonse lapansi panali mkazi mmodzi yekha amene akanamunjutira chotero.

"Asiyeni!" ndinakuwa. "Pilato, asiye!"

Ndinakankha anthu. Ndinafika pachitseko chija, ndinangokhalapo ngati pampando, n'kudzikokera mkati ndi chimimba changa. Ndinagwira chitenje. Dzanja limodzi linkachikoka mkati mwamphamvu, koma ine ndinali ndi awiri.

Anali amayi.

Pakamwa pawo panali patakhotera mbali imodzi, diso lamanja litagwa, dovu likutsika pachibwano. Mkono wamanja unali gone pamimba ngati si wawo. Anayesa kubisa nkhope ndi dzanja lamoyo lija.

"Usandione, mwanaka," anatero, lilime likulemera. "Tseka maso. Mwanayo... tseka maso."

Sindinatseke. Ndinawapukuta chibwano ndi chitenje changa, ndikuwayang'ana, ndikulira mokuwa ngati pamaliro.

Khadi lawo linali lomangidwa pa mfundo ya nsalu, pamene dzanja limodzi silikanatha kumasula. Ndinamasula ine n'kumupatsa Pilato. Analiyang'ana, anandiyang'ana, n'kuuza anzake kuti atsitse chingwe. M'gulu muja mayi wina wa nanazi ananena mokweza kuti aliyense amve:

"Kodi mwaona? Wagwiritsa mayi ake omubereka."

7

A Wyson anayendetsa okha mpaka kuchipatala, dzanja limodzi lili pakhutu. Ine ndinakhala kumbuyo, mutu wa amayi uli pamiyendo panga. Ndinkaona maenje akubwera, n'kumadzikonzekera, koma galimoto inkangotsika n'kukwera mofewa. Zimenezi zinandiliza kuposa zonse.

Titafika ndinaona mmene zinkakhalira. A Wyson anatsegula chitseko n'kukaima patali chofulatira. Amayi anadzikhwekhwereza mpaka kumapeto, anatsitsa mwendo wamoyo, unafika pansi, anatsamira ndodo, n'kuimirira okha. Namwino anabwera kudzawalandira. Wina anawatenga a Wyson kukawatsuka khutu.

Nkhani yonse ndinaimva pabenchi, mawu amodziamodzi, chifukwa lilime la amayi linkatopa msanga. Anagwa m'munda nthawi yopalira, mbali imodzi n'kufa. Akuluakulu a kumudzi anagamula kuti ine ndisamve, ndisaone. Amati mayi wapakati akayang'ana nkhope yokhota, mwana amabadwa wokhota, ndiponso mantha okhawo akanatha kundichotsera mimba yachitatu. Mayi aang'ono a Joice ndiwo anawalumbiritsa a Wyson m'malo mwa amayi.

"Ulendo woyamba anandinyamula amuna a m'mudzi," anatero amayi. "Ngati thumba la chimanga. Nsalu inagwa. Mkamwini ali pomwepo."

Anatseka diso lamoyo lija.

"Njira yonse ndinkagubuduzika. Ndinafika thupi lonse mabala. Ndinati bola kufa, sindikweranso. Iye anauza a Joice kuti, auzeni mayi andipatse nthawi."

"Ndiye mumayenda awiriwiri? Osayankhulana?"

Mbali yamoyo ya pakamwa pawo inamwetulira.

"Amauza galimoto. Amati, Pijo iwe, auze mayi kuti kutsogoloku kuli mlatho, agwiritse. Ine ndimati, umuuze ndamva."

Ndinaseka misozi ili m'masaya. Kenako ukali unabweranso, poti ine ndi ine.

"Munandisandutsa chitsiru nonsenu! Inu, a Joice, a Wyson, mudzi wonse! Ndinafunsa, amayi. Ndinatuma uthenga. Mukanangoti ndikudwala!"

"Ukanabwera."

"Ndikanabwera, inde!"

"N'chifukwa chake," anatero amayi.

A Wyson anatuluka mutu uli m'bandeji. Poti amayi anali pafupi, anaima chapatali n'kuyang'ana kumbali. Ndinapita kukaima patsogolo pawo, ndikudikira kuti andilalatire, andiuze kuti ndilongedze. Ndikanakonda akanatero.

"Munabwera pa chiyani?" anafunsa.

"Pa lole ya masamba."

"Pa lole! Namwino akuoneni musanachoke pano."

Anangonena zokhazo.

8

Masabata otsalawo anali aatali kuposa miyezi yonse ija. Kumalayini ndinkayenda chowerama. Alongo awo a Wyson anabwera ndi ankhoswe awo, akuti mkazi wopereka mwamuna wake kwa a malaya ofiira si mkazi, ndi njoka ya m'nyumba. A Wyson anawamvetsera ndi khutu limodzi limene linatsala, n'kuwauza kuti amene anamenyedwa ndi iwo, ndipo sanaitane munthu. Anawaperekeza mpaka kumsewu.

Koma ine mtima sunakhale pansi. Ndinali nditayang'ana nkhope ija, ndipo ngakhale ndinkauza anthu kuti za makolo zimenezo n'zabodza, ndikakhala ndekha ndinkagwira mimba n'kumapemphera. Mwana akangosuntha ndinkadzifunsa kuti wasuntha mbali zonse kapena imodzi.

Tsiku langa litafika, namwino asanadule n'komwe mchombo, ine ndinali ndikukuwa kuti, "Pakamwa! Ndionetseni pakamwa!" Anali mtsikana, pakamwa pali bwinobwino, pakulu ngati panga, akulira kuti chipatala chonse chimve. Amayi anamulandira ndi mkono umodzi. Anakhala ndi moyo mpaka kumuona akuyenda.

Khutu la a Wyson silinachire. Mpaka lero lamanzere silimva kanthu, ndipo zinawavuta pantchito, chifukwa makaniko amamva matenda a injini ndi makutu. Za tsiku lija sanazitchulepo, ngakhale titakangana chotani. Pena ndimaputa dala mkangano kuti mwina azitulutsa, koma amangopendeketsa mutu n'kundipatsa khutu lamoyo kuti ndipitirize.

Owerenga anzanga, ndakusimbirani zonse, ndipo muweruze mmene mungafunire. Ena mudzati safunsa anadya phula, koma ine ndinafunsa, ndipo anandiyankha ndi chete. Anthu amene ankandikonda anandibisira choonadi kuti anditeteze, osadziwa kuti mkazi wosiyidwa mumdima amadzipekera zake, ndipo zimene amapekazo zimaposa choonadicho kuipa. Ngati m'nyumba mwanu muli wina amene mukumubisira kanthu chifukwa chomukonda, muuzeni lero. Adzalira, koma sadzapita kwa Pilato. Ndipo inu akazi anzanga amtima wapachala, mukakwiya kalalateni m'nyumba mwanu, muswe mbale ngati mukufuna. Mawu anga a kwa Dyna aja anali ochepa, ndipo ndinawanena ndikudziwa kuti ndi bodza. Pamenepo palibe amene anandibisira kanthu.

Ndili ndi khalidwe limene ana anga amaliseka osadziwa chiyambi chake. Tikakhala pakhonde, ndimakhala kumanzere kwa bambo awo. Zaka zonsezi, mtima ukandilemera, ndimawayandikira ku khutu lakufalo n'kunena mawu amene pakamwa panga pamakana kuwanena kumbali inayo. Iwo amaona milomo ikugwedera n'kufunsa kuti, "Mwati chiyani, Esteri?" Ine ndimati, "Ndati tiyi wanu akuzizira."

Tonse takalamba tsopano, ndipo ndatopa nako kuyankhula ndi khutu losamva. Magazini ino a Wyson amaiwerenga mwezi ndi mwezi, kuyambira pachikuto mpaka kumapeto, ndipo maso awo onse awiri ndi abwinobwino.

A Wyson, amene anauza Pilato ndine. Pepani.